Kukaona ma manta usiku ku Kona: yankho kwa mayi amene akuopa kulowa m'nyanja kutada

Ndalandira imelo kwa mayi wina, dzina sinditchula, ndipo andilola kuti ndiwayankhe poyera poti ena angapindule nawo. Mwachidule nkhani yawo ili motere: mwana wawo wamkazi amene amagwira ntchito ku America wawaitana kutchuthi ku Hawaii, pachilumba chachikulu chija amati Big Island, ndipo wawagulira kale tikiti ya ulendo wa pa boti usiku wokaona nsomba zikuluzikulu zotchedwa manta ray. Iwo akuti, "Kusambira ndimatha pang'ono chabe. Nyanja usiku ndimaiopa, komanso ndinamva kuti nsomba zimenezi ndi zomwe zinapha mzungu uja wa pa TV wogwira ng'ona. Ndipite kapena ndimuuze mwanayu akabweze tikiti? Nanga kumaziwalitsira magetsi chonchi usiku uliwonse si kuzizunza kodi?"

Amayi, ine ndikuti pitani. Koma mantha anuwo mwawaika pa chinthu chomwe sichingakupangeni kanthu, pomwe zimene zimasowetsadi anthu mtendere pa ulendo umenewu ndi zina, ndipo mu imelo yanu simunazitchule n'komwe. Nde ndiloleni nditalikitseko.

Mzungu wa ng'ona uja ndi Steve Irwin wa ku Australia, anamwalira mu 2006, ndipo chinamupha ndi stingray osati manta. Ndi pachibale zoona, zonse ndi nsomba zophwatalala za mchira wautali, n'chifukwa chake anthu amazisokoneza, koma stingray ili ndi chisonga chakuthwa chaululu pamchira chomwe imadzitetezera nacho, pomwe mchira wa manta ulibe chisonga ulibe mbola, ndi mchira basi. Mano ili nawo koma ndi ting'onoting'ono kunsagwada ya m'munsi ndipo sitafunira chilichonse. Chakudya chake ndi plankton, tizamoyo tating'onoting'ono toyandama m'madzi, tina toti simungatione bwinobwino ndi maso. Imasambira kukamwa kuli yasaa, madzi amalowa n'kutulukira m'ziwalo zake zopumira, ndipo m'menemo muli zosefera zomwe zimagwira tizamoyoto. Munthu kwa iyo si chakudya, ndipo ikaona zoopsa chomwe imadziwa ndi kuthawa.

Chimene chimaimitsa anthu mtima ndi kukula kwake. Kale akatswiri ankati manta ndi mtundu umodzi, mpaka mu 2009 pomwe Andrea Marshall, wofufuza amene anakhala zaka akuphunzira nsombazi ku Tofo m'chigawo cha Inhambane ku Mozambique, anaonetsa pamodzi ndi anzake kuti ya kunyanja yakuya ndi ya m'mphepete ndi zosiyana. Ya kunyanja yakuyayo, Mobula birostris, imatha kufika mamita 7 kuchoka kunsonga ya phiko lina kukafika kunsonga ya linzake. Imene mukaione inu ku Kona, gombe la kumadzulo kwa Big Island komwe ulendowu umachitikira, ndi ya m'mphepete, Mobula alfredi, yocheperapo, zambiri zimakhala mamita 3 kapena 4. Ndikuti yocheperapo koma mukaiona ikubwera molunjika pankhope panu mawu oti yocheperapowo mudzawaiwala. Eni dziko ku Hawaii amaitcha hāhālua, mukamva otsogolera alendo akutchula dzina limeneli mudziwe kuti akunena yomweyo.

Nanga bwanji usiku, masana onsewa alipo? Nkhani yake ndi magetsi. Plankton imakokedwa ndi kuwala, imasonkhana pomwe pali nyali ngati mmene ngumbi zimachitira mvula ikagwa, ndiye pomwe yasonkhana yambiri ma manta amabwera kudzadya mosavutikira. Palibe amene anakhala pansi n'kuganiza kuti tiyambitse bizinesi yotere. Zinayamba mwangozi m'zaka za m'ma 1970 pomwe hotela ina ya m'mphepete mwa nyanja ku Keauhou, nthawi imeneyo inkatchedwa Kona Surf, inkawalitsa magetsi amphamvu panyanja kuti alendo aziona mafunde usiku. Plankton inabwera, ma manta anatsatira, ndipo m'kupita kwa zaka nsombazi zinazolowera kuti pomwe pali kuwala pali chakudya. Cha m'ma 1990 ndi pomwe eni maboti anayamba kutenga alendo kupita nawo pamalopo ndi matochi awoawo. Hotela ija itatsekedwa cha m'ma 2000 magetsi n'kuzimitsidwa, nsomba zinasiya kubwera pamenepo, anthu n'kukazipeza kumpoto pafupi ndi bwalo la ndege, ndipo hotelayo itatsegulidwanso ndi dzina lina magetsi n'kuyakanso, zinabwereranso. Nkhani imeneyi ine imandisangalatsa chifukwa ikuonetsa kuti nsombazi si zoweta, palibe amene anazitsekera, zimabwera zikaona phindu ndipo zikapanda kuliona zimapita kwina.

Pano malo otchuka ndi awiri. Ku Keauhou Bay amati Manta Village, ndipo boti likanyamuka padoko la pomwepo ndi mphindi zochepa chabe mwafika. Enawo ndi ku Makako Bay kufupi ndi bwalo la ndege la Kona, amati Manta Heaven kapena Garden Eel Cove, maboti ambiri opita kumeneko amanyamukira ku Honokohau ndipo ulendo wake ndi wotalikirapo, pafupifupi theka la ola. Palinso ena kumpoto kwenikweni ku Kaunaʻoa Bay koma ambiri sapita kumeneko. Funsani mwana wanuyo kuti tikiti yanu ndi ya kuti, chifukwa kwa munthu amene sanazolowere boti kusiyana kwa mphindi zisanu ndi theka la ola pamafunde kutada si kwamasewera.

Tsopano ndikufotokozereni mmene usikuwo umayendera, poti mantha ambiri amabwera chifukwa chosadziwa chomwe chikubwera kutsogolo. Mumafika padoko dzuwa lisanalowe ngati mwasankha ulendo woyamba wa madzulo (palinso wachiwiri wa usiku kwambiri), amakupatsani wetsuit, chovala chothina chija chosunga kutentha kwa thupi, komanso magalasi a m'madzi ndi kapaipi kopumira kaja amati snorkel. Pa boti amakulangizani malamulo, mvetserani ndithu osamangojambula dzuwa likulowa. Mukafika pamalopo simudzaona nyanja yamdima yopanda munthu ngati mmene mukuganiziramu ayi, mudzaona maboti ena angapo ataima, madzi akuwala mobiriwira kuchokera pansi, anthu akuyankhula, ena akuseka. Antchito a pa boti amatsitsa chibolodi chachikulu choyandama chokhala ndi zogwirira m'mbali monse ndi magetsi amphamvu kunsi kwake oloza pansi. Inu mumatsika pa makwerero, kusambira pang'ono pokha kukafika pa bolodipo, n'kugwira ndi manja awiri, kugona chafufumimba nkhope m'madzi. Kumapazi amakuikirani kachinthu kofewa koyandamitsa kuti miyendo isamire, ndipo wotsogolera amakhala m'madzi momwemo akukoka bolodi ndi kuyang'anira aliyense. Ntchito yanu yathera pamenepo, kugwira, kugona, kupuma. Simuthamangitsa nsomba, simumira, simupita kulikonse. Amene amamira ndi ena, ma diver a masilinda a mpweya kumsana aja, iwo amakagwada pansi pa nyanja mozungulira mulu wa matochi, pakuya pafupifupi mamita 10, n'kumawalitsa m'mwamba, koma zimenezo zimafuna satifiketi ndipo si zanu.

Mphindi zoyamba mumangoona ngati fumbi loyera likuwirira m'kuwalako, ndiyo plankton imeneyo, ndi tinsomba ting'onoting'ono tikudumphadumpha momwemo. Mumamva kupuma kwanu komwe m'kapaipi kaja, mokweza, ndipo mtima umagunda. Kenako pansi pomwe kuwala kukuthera pamaoneka chinthu chotuwa chikusuntha, simudziwa ngati ndi mchenga kapena maso anu, mpaka chikuyamba kukwera, mapiko akukupiza pang'onopang'ono mosapupuluma, ndipo mumazindikira kuti chikubwera kwa inu. Kutsogolo kwa mutu kuli tizipsepse tiwiri tomwe nthawi zina timakhala topiringiza ngati nyanga, koma ikamadya imatitambasula n'kumakokolorera madzi kukamwa. Kamwa lake ndi lalikulu moti mumaona mkati monse, mizeremizere ya ziwalo zopumira zija mbali zonse ziwiri kuwala kukudutsamo. Mumati basi yandigunda. Ndiye itatsala pang'ono kwambiri, penapake kochepera kutalika kwa mkono wanu, imapinda msana n'kutembenuka chagada, mimba yake yoyera mbee ikudutsa pansi pa nkhope yanu kuchokera kukamwa mpaka kumchira, madontho akuda a pamimba mukuwaona limodzilimodzi, diso lake la m'mbali likudutsa pafupi ndi lanu, kenako imatsika n'kuzungulira n'kubweranso, kachiwiri, kachitatu, osatopa, chifukwa pamenepo ndi pomwe chakudya chachuluka ndipo kuzungulirako ndi njira yoti isachokepo. Anthu amakuwa m'tipaipi mwawo, mumamva phokoso lake kudzera m'madzi, ena amalira misozi yeniyeni m'magalasi. Ine ndikakumbukira mpaka pano thupi limachita tsembwe, ndipo chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi mmene chinthu chachikulu chonchi chimadziwira malire a thupi lake, chikudutsa pakati pa anthu, zingwe ndi zinzake mwaulemu osaphwanya kanthu. Mwa nsomba zonse zomwe akatswiri anaziyeza, manta ndi imene ili ndi ubongo waukulu kuposa zina, ndipo ukaiona ikuyenda pamenepo sudabwa.

Madontho a pamimba ndatchulawo ndi osiyana pa manta iliyonse ndipo sasintha moyo wake wonse, ndiye anthu a ku Kona akhala akuzijambula n'kuzilemba m'kaundula, zopitirira 200, iliyonse ndi dzina lake. Mudzamva otsogolera akutchula maina ngati Big Bertha, kapena Lefty yomwe inadziwika chifukwa cha kachipsepse kake ka kumutu kopunduka. Zina zakhala zikuoneka pamalo omwewo kwa zaka makumi angapo, pakuti manta imatha kukhala ndi moyo zaka 40 kapena kupitirira. Mukatuluka m'madzi mufunse kuti zomwe munaona zija ndi ndani, wotsogolera wodziwa ntchito yake adzakuuzani, ndipo pamenepo mudzadziwanso ngati munakwera boti la anthu okonda nsombazi kapena okonda ndalama zanu zokha.

Tibwere ku zomwe zingakuvuteni zenizeni. Choyamba ndi mawu anu aja oti kusambira mumatha pang'ono. Apa ndisakunamizeni amayi. Zoona wetsuit imayandamitsa, madzi amchere nawo amanyamula thupi, bolodi mwaligwira, koma mukadali panyanja yakuya pomwe phazi silifika pansi, kutada, ndipo makampani ambiri amanena poyera kuti akufuna munthu wotha kusambira payekha komanso amene anagwiritsapo ntchito snorkel. Sanena zimenezi pofuna kukuvutitsani. Chimene chimachitika kawirikawiri ndi choti munthu sanapumirepo m'kapaipi chibadwire, waika nkhope m'madzi koyamba usiku umenewo, timadzi talowa pang'ono m'magalasi kapena m'kamwa, basi wabalalika, akukweza mutu akutsokomola akupalasa miyendo, ndipo ulendo wake wathera pomwepo ma manta asanafike n'komwe. Kupumira pakamwa pokha mphuno itatsekedwa thupi limakana poyamba, limafuna kuzolowetsedwa, ndipo malo ozolowerera si pakati pa nyanja usiku. Nde chonde, musanapite ku boti, mupeze magalasi ndi kapaipi, mulowe mu dziwe losambiramo la pahotela kapena m'mphepete mwa nyanja pomwe madzi akulekeza m'chiuno, masana, mwana wanu ali pambali, mugone chafufumimba n'kumapuma mpaka mutafika poti mutha kukhala mphindi khumi osakweza mutu. Muphunzirenso kuuzira mwamphamvu kuti madzi olowa m'kapaipi atuluke. Mukakwanitsa zimenezo ulendo wa usikuwo mwautha kale. Mukaona kuti zikukanika ndithu, musadzikakamize chifukwa cha manyazi kapena chifukwa choti mwana wawononga ndalama. Maboti ambiri amalola munthu kukwera n'kumaonera ali m'boti momwemo pamtengo wotsikirapo, ndipo poti magetsi amawalitsa madzi, ma manta amaoneka ndithu kuchokera pamwamba ngakhale kuti sizifanana ndi kukhala nawo maso ndi maso. Ku Keauhou anthu ena amawaonera ali kumtunda, pafupi ndi hotela ija. Ndipo kaya mulowa kaya simulowa, auzeni a pa boti zoona zake za kusambira kwanu musananyamuke, kuti akuikeni pafupi ndi wotsogolera komanso akupatseni jekete yoyandamitsa. Ngati muli ndi vuto la mtima, la BP kapena la mphumu, yambani mwafunsa dokotala wanu.

Chachiwiri ndi kuzizira, chimene anthu amachiderera poti Hawaii ndi kotentha. Madzi ake amakhala cha m'ma 24 mpaka 27 digiri malinga ndi nyengo, pomva ngati ofunda, koma inu mwagona phee osasuntha kwa theka la ola kapena kupitirira, dzuwa kulibe, thupi limataya kutentha pang'onopang'ono mpaka mano kuyamba kugundana. Kuzizira kwenikweni kumabwera mukatuluka, boti likuthamanga kubwerera mphepo ikuwomba pa thupi lonyowa. Tengani thawulo lalikulu, juzi kapena jekete, ndi zovala zouma, ndipo wetsuit muivule msanga mukangokwera. Akakupatsani yaifupi yolekeza m'mawondo funsani ngati ali ndi yaitali.

Chachitatu, ndipo ichi ndi chimene chimagwetsa anthu ambiri kuposa china chilichonse, ndi nseru. Boti loima pamafunde limagwedezeka moipa kuposa loyenda, usiku maso alibe poyang'ana patali kuti mutu ukhazikike, ndipo ngakhale m'madzi momwemo bolodi limakwera n'kutsika nanu inu mukuyang'ana pansi. Anthu amphamvu zawo amasanza. Mapilitsi oletsa nseru ya paulendo amagulitsidwa m'mafamase, amamwedwa nthawi isanakwane, pafupifupi ola musanakwere, osati nseru itayamba kale, ndipo ena amagonetsa choncho funsani wa pafamasepo makamaka ngati mukumwa mankhwala ena. Musapite ndi njala koma musakhutenso zamafuta, mowa ayi. Gombe la Kona lili kumadzulo kwa chilumbacho, lotchingidwa ndi mapiri a Hualālai ndi Mauna Loa ku mphepo zomwe zimawomba mbali inayo, n'chifukwa chake nthawi zambiri nyanja yake ndi yodekha, koma miyezi ya Disembala mpaka Malichi kumabwera mafunde akuluakulu moti maulendo ena amalephereka.

Mwina mukufuna kufunsa za shaki koma mwachita manyazi. Nyanja ya Hawaii ili ndi mashaki, sindingakane, ndipo ma manta ena ali ndi zipsera zolumidwa. Koma chimene magetsi amaitana ndi plankton, ndipo shaki zoopsazo sizidya plankton. Chinthu choopsa kwambiri pamalo amenewa ndi chopangidwa ndi anthu, ndicho injini ya boti ndi zopalasira zake zakuthwa zija, pamalo pomwe maboti achuluka, kuli mdima, anthu ali m'madzi. Choncho musasiye bolodi n'kumasambira nokha, musayandikire kumbuyo kwa boti pokhapokha atakuuzani, ndipo pobwerera mutsatire wotsogolera wanu poti maboti usiku amafanana.

Lamulo lomwe mudzalimve mobwerezabwereza ndi loti osakhudza. Ndipo dzanja limafuna lokha, chinthu chikudutsa pafupi chonchi. Khungu la manta limakutidwa ndi zoterera zomwe zimaiteteza ku matenda, mukaisisita mumachotsa zimenezo, ndipo ganizirani kuti si inu nokha, ndi anthu ochuluka usiku uliwonse chaka chonse. Manja akhale pa bolodi, miyendo ikhale yowongoka pamwamba pa madzi osalendewera pansi chifukwa ingamenye nsomba ikamatembenuka, mphete zokanda ndi zibangili muzisiye kuchipinda. Nthawi zina iyo yokha imakukhudzani ndi nsonga ya phiko podutsa, zimenezo si mlandu wanu, ingokhalani phee. Za kamera ndinganene izi, ngati mulibe chizolowezi chojambula m'madzi isiyeni, mudzataya mphindi zabwino mukulimbana ndi mabatani dzanja limodzi litasiya bolodi. Makampani ambiri amakhala ndi wojambula wawo, kapena mwana wanuyo ajambule.

Funso lanu lomaliza lija ndi limene landikhudza kwambiri, loti kodi si kuzizunza. Ndakondwa kuti mwafunsa chifukwa alendo ambiri safunsa. Maganizo anga ndi awa. Magetsiwo paokha ine sindiwaona ngati nkhanza. Palibe amene amaponya chakudya m'madzi, plankton ndi ya m'nyanja momwemo, nsomba sizimangidwa, zimabwera ndi kuchoka mmene zafunira ndipo masiku ena sizibwera n'komwe. N'zoona kuti khalidwe lake tinalisintha, zinaphunzira kutsata nyali, ndipo munthu woganiza bwino ayenera kuvomereza kuti kumeneko ndi kulowerera m'moyo wa nyama yakutchire. Koma vuto lalikulu lomwe ndimaliona ndi kuchulukana. Malo ndi ochepa, maboti ndi ambiri, aliyense akufuna bolodi lake likhale pomwe pali nsomba, ndiye pamakhala zingwe za nangula, ma injini, miyendo ya anthu osamva malangizo, ndipo manta ndi nsomba yoti siyenda chambuyo komanso imayenera kumasambira nthawi zonse kuti ipume, ikakodwa m'chingwe imazungulira n'kudzikulunga kwambiri. Zina mudzaziona ndi mabala a zingwe za mbedza ndi a maboti. Kwa zaka zambiri anthu a kumeneko akhala akukambirana ndi boma zoti pakhale malire a maboti, ndipo ine ndili mbali ya amene akufuna malirewo, ngakhale zitachititsa kuti tikiti ikwere kapena ivute kupeza.

Koma taonaninso mbali inayo. Manta imabereka mochedwa kwambiri. Imatenga bere pafupifupi chaka chathunthu n'kubereka mwana mmodzi, wamoyo osati dzira, wotambalala kale kupitirira mita, kenako imatha kupuma zaka ziwiri kapena kuposerapo isanatengenso bere lina. Nsomba yobereka chonchi mukaipha yambiri siibwerera msanga. Ndipo ikuphedwa, m'maiko ena asodzi amaisaka chifukwa cha zosefera za m'ziwalo zake zopumira zija, zimaumitsidwa n'kukagulitsidwa makamaka ku China ngati mankhwala, pomwe palibe umboni woti zimachiza kanthu. Zina zimangofera m'maukonde otchera nsomba zina. N'chifukwa chake mu 2013 maiko a m'pangano la CITES, loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire pakati pa maiko, anagwirizana zoika malire pa malonda a ziwalo za manta, ndipo mu 2020 bungwe la IUCN, loona za kuteteza zachilengedwe padziko lonse, linaika manta ya kunyanja yakuya ija m'gulu la nyama zomwe zili pangozi yotheratu. Ku Hawaii lamulo loletsa kupha kapena kugwira manta m'madzi a boma limenelo linakhazikitsidwa mu 2009, ndipo ena mwa amene analimenyera nkhondo ndi anthu omwewa ogwira ntchito yoonetsa alendo. Indonesia, komwe kunkaphedwa zambiri, inaletsa kusaka manta m'madzi ake onse mu 2014, ndipo china chimene chinathandiza ndi kuona kuti yamoyo imabweretsa ndalama chaka ndi chaka pomwe yakufa imagulitsidwa kamodzi. Kafukufuku wina wa mu 2013 anayerekeza kuti maulendo okaona ma manta amabweretsa madola pafupifupi 140 miliyoni pachaka padziko lonse. Ndiye tikiti yanuyo, ikapita kwa anthu oyenera, ili mbali ya zomwe zikusunga nsombazi. Ikapita kwa osasamala ikuwonjezera vuto. Kusiyanitsa kwake si kovuta kwenikweni, mwana wanu awaimbire foni awafunse kuti pa boti pamakwera anthu angati, wotsogolera mmodzi amayang'anira angati m'madzi, boti amalimangirira pa zomangira zokhazikika kapena amaponya nangula pa matanthwe a korali, ndipo amatani ndi mlendo amene wakhudza nsomba. Kampani yabwino imayankha mafunso amenewa mosanyinyirika. Imene ikukulonjezani kuti mukazigwira kapena kusambira nazo pambali, imeneyo ndiye mubweze tikiti.

Chinthu china choti mudziwiretu kuti musakakhumudwe. Ma manta ku Kona amakhala komweko chaka chonse, alibe nyengo yosamuka, ndipo mausiku ambiri amaoneka, koma palibe angakulonjezeni. Tsiku lina amabwera khumi kapena kuposa, tsiku lina imodzi, tsiku lina mumagona pamadzi mpaka kuzizidwa osaona kanthu koma tinsomba. Ulendo wotere nthawi zambiri umadya madola opitirira 100 pa munthu, ndipo makampani ambiri sabweza ndalama nsomba zikapanda kubwera, koma amalola kubweranso tsiku lina ulere ngati pali malo. Ndiye onani tsiku lomwe mwana wanu wasungitsa. Ngati ndi usiku womaliza musananyamuke, asinthe, likhale chakumayambiriro kwa tchuthi koma osati tsiku lofikira pomwe thupi likadali lotopa ndi ndege komanso musanayeserere kapaipi kaja. Usiku wachitatu ndi wabwino, mumakhala mwapuma, mwayeserera, ndipo masiku obwereza akadalipo ngati nyanja yavuta kapena nsomba sizinabwere. Kwa inu ndingasankhe Keauhou chifukwa cha kufupika kwa ulendo, komanso ulendo woyamba wa madzulo osati wachiwiri wa usiku kwambiri, kuti mukwere boti kukuwala, muone gombe ndi maso anu, mdima ukupezeni muli kale pamalopo. Ulendo wachiwiriwo umakhala ndi anthu ochepa ndipo ena amaukonda pa chifukwa chimenecho, koma umenewo mudzapite ulendo wina mutazolowera.